Mawondo Oyera a Pulofesa

1. Chikhoti chobwereka

Dzina loti Pulofesa sanalitenge ku yunivesite ayi. Anamupatsa ndi mlongo wake wamwamuna, tsiku limene mtsikanayu anakana kumwa madzi a m'ndowa ya kukhitchini mpaka atawaunika kaye ndi tochi ya foni. Apa n'kuti atangotha sabata imodzi ku labotale yoyeza madzi, kumene koleji yake inamutumiza kuti akaphunzire ntchito kwa miyezi itatu.

Dzinalo linali lachipongwe, koma mwini wake analilandira ndi manja awiri.

Tsiku lachiwiri ku labotaleko anabwereka chikhoti choyera cha mayi woyendetsa makina, n'kujambulitsa ataima pafupi ndi makina aakulu kuposa onse, dzanja limodzi lili m'thumba. Makinawo anali firiji. Chithunzicho chinazungulira mafoni a abale onse, ndipo amayi ake anachionetsa ngakhale kwa munthu wodzawerenga mita ya magetsi.

Chimene chithunzicho sichinanene n'chakuti ntchito yeniyeni ya Pulofesa inali kuvala ovolosi yomukulira ndi jombo za mphira, n'kumanyamula bokosi lozizira pambuyo pa a Mphuno.

A Mphuno anali mkulu wa anthu otenga madzi okayeza. Anali aafupi, adazi, ndipo chilichonse chimene apatsidwa ankayamba achinunkhiza, kaya ndi botolo, kaya ndi kalata yochokera kwa abwana. Ovolosi yawo inali ndi zigamba m'mawondo, ndipo zigambazo nazonso zinali ndi zigamba.

2. Agalu anayi

Lachitatu m'mawa awiriwa anafika pamalo ena omwetsera galimoto mafuta. A Mphuno anaimika galimoto kuseri kwa sitolo, anatsika, n'kuponda pansi kawiri.

"Pansi pathu pano pali chiyani, Pulofesa?"

"Simenti, bambo."

"Sukulu ndi yabwino ndithu. Nanga pansi pa simentipo?"

Pulofesa anayang'ana jombo zake.

"Tamvera, mwana wanga," anatero a Mphuno. "Pansi apa pagona matanki atatu, lililonse lalikulu ngati basi. Anawakwirira iwe usanabadwe. Chitsulo chikakhalitsa m'dothi chimachita dzimbiri, ndipo dzimbiri silipempha chilolezo kwa manijala. Kabowo kake kamayamba ngati pobaya singano. Palibe amene amakaona. Petulo amangodontha, lero dontho, mawa dontho, mpaka akafike pa madzi a pansi pa nthaka. Madzi amenewo sakhala phee ngati a m'ndowa. Amayenda pang'onopang'ono ngati nkhono, kulowera kumunsi. Ndipo kumunsi kwa malo ano ndi uko."

Analoza mpanda wa njerwa. Kuseri kwake kunkamveka ana akuwerenga manambala mokuwa, aliyense pa liwiro lake.

"Imeneyo ndi sukulu ya mkaka. Ili ndi mjigo, ndipo nyumba zonse za mumsewu umenewo zimatunga pomwepo. N'chifukwa chake tinaboola zitsime zinayi zing'onozing'ono kuzungulira matankiwa. Si zotungapo madzi akumwa. Ndi agalu athu olondera. Wakuba asanafike pakhonde, galu amayamba wauwa. Koma agalu athuwa sauwa okha. Umayenera kugwada n'kuwafunsa."

Atatero anagwada. Chitsime choyamba chinali chivundikiro chachitsulo, kukula kwake ngati mbale, chofanana msinkhu ndi simenti. Pansi pake panali paipi yopapatiza yotsekedwa ndi loko. A Mphuno anatsegula, anatsitsa tepi kuti aone kuya kwa madzi, kenako anatsitsa kachubu koonekera m'kati komangidwa pa chingwe. Anatunga n'kutayira m'chigubu, kutunga n'kutayira, mpaka mkono kulema.

"Madzi ogonera m'paipi ndi amabodza," anatero. "Ife tikufuna atsopano, ochokera m'nthaka lero."

Pomaliza anadzaza timabotolo tiwiri mpaka pakamwa, anatseka, anatembenuza, n'kugogoda ndi chikhadabo.

"Ukuona kathovu?"

"Ayi, bambo."

"Kathovu kamodzi kokha, petulo amathawira m'menemo, ndipo makina amati madzi ali bwino. Makina sanama, mwana wanga, koma amanamizika."

Zitsime zitatu zoyamba zinali kuseri kwa sitolo, kumene ankawaona ndi mphaka yekha. A Mphuno ankagwada. Pulofesa ankalemba manambala ataimirira, uku akugwedeza mutu ngati munthu wochokera ku likulu.

3. Wailesi

Atangotseka chachitatu, kunabwera uthenga woti a manijala akufuna a Mphuno mu ofesi. A manijalawo anali munthu wovala tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo ulendo uliwonse ankafuna kuuzidwanso chifukwa chimene anthu a maovolosi amagwadira pamalo pawo makasitomala akuona.

"Nkhani za kumeneko sizitha msanga," anatero a Mphuno akupukuta m'manja. "Chachinayi chili kutsogolo, pakona ya mpanda, kufupi ndi msewu. Ndicho chili pakati pa matanki ndi sukulu. Waona katatu lero. Chimenecho n'chako."

Pulofesa ananyamula bokosi, chigubu ndi kachubu katsopano, n'kuzungulira sitolo.

Chivundikiro anachipeza. Chinali pakadzenje pamene pankadikha madzi a otsuka galimoto, matope akuda atachizinga. Koma si matopewo amene anamuimitsa. Mapazi asanu kuchokera pamenepo panali saluni yatsopano, ndipo pakhomo pake panali msuweni wake akuluka munthu tsitsi. Msuweniyu anthu ankamutchula kuti Wailesi, chifukwa nkhani akaimva m'mawa, pofika masana amakhala ataiulutsa kale kawiri, ndi ndemanga zomwe. Pabenchi panakhala atsikana ena awiri amene Pulofesa anaphunzira nawo ku sekondale.

"Iii! Si Pulofesa uyu?" anakuwa Wailesi, chipeso chili m'kamwa. "Asisi, chikhoti choyera chija mwachichapa?"

Benchi yonse inagwedezeka ndi phwete.

"Nanga ovolosiyi ndi ya malemu ndani?" anawonjezera Wailesi.

"Musiyeni mnzanu," anatero mmodzi wa atsikana aja. "Mwina wadzatsegula paipi ya zimbudzi. Ndi sayansi imeneyonso."

Pulofesa anamva kutentha kuchokera m'khosi mpaka kunsonga za makutu. Anaika bokosi pansi mwaulemu wake, n'kukweza chibwano.

"Ndikungoyendera ntchito," anatero. "Anyamata anga ali kuseriku."

Anyamata akewo anali a Mphuno, bambo wa zidzukulu zisanu.

Anayang'ana matope aja. Anayang'ana mafoni atatu amene anali kale m'manja mwa eni ake, okonzeka kujambula. Ndiye anaima pamwamba pa chivundikiro, anachigogoda ndi chidendene, analemba kanthu papepala, n'kutulutsa foni yake.

"Eya, ndaona," anauza foni imene sinali kulankhula ndi munthu. "Pitirizani."

Ananyamula katundu n'kubwerera mwakachetechete.

Kuseri kwa chimbudzi cha makasitomala kunali mpopi. Pulofesa anacheuka uku ndi uku, n'kudzaza timabotolo tiwiri. Anatseka, anatembenuza, anagogoda ndi chikhadabo. Kunena chilungamo, chiyambire ntchito anali asanadzazepo botolo mwaluso chotero. Analembapo nambala 4. Pa kuya kwa madzi anatenga nambala ya chitsime chachitatu n'kuiwonjezera pang'ono, kuti zioneke zenizeni.

Akuluakulu amati manyazi anapha Lambe. Sanatiuze ngati anafa yekha kapena anatenga ndi anansi omwe.

4. Kapu ya pulasitiki

A Mphuno anatuluka mu ofesi akupukusa mutu.

"Wamaliza kale? Manja a achinyamata! Tiye tikatengenso a pamjigo."

Kusukulu kuja anapeza ana ali pamzere, aliyense ndi kapu yake ya pulasitiki. Aphunzitsi, mayi wa mawu aakulu ndi mluzu m'khosi, ndiwo ankapopa.

"Ana inu, perekani moni kwa madokotala a madzi!"

"Mwadzuka bwanji madokotala a madziii!"

"Atsikana, mukumuona mnzanuyu? Mukalimbikira sukulu mudzakhala ngati iyeyu."

Timaso makumi anayi tinayang'ana Pulofesa ngati akuona ndege yatera pabwalo.

A Mphuno anadzaza timabotolo tawo, ananunkhiza madzi m'dzanja, n'kunena kuti mphuno yawo siikumva kanthu, koma nayonso yakalamba. Atapita kukaika bokosi m'galimoto, aphunzitsi anamukokera Pulofesa pambali.

"Mwanawe, bambo ajawa sanena kanthu mpaka pepala lituluke. Tandiuze iweyo, mkazi mnzanga. Makolo amandifunsa za matanki amenewa tsiku lililonse. Tili bwino?"

Munthu akanama kamodzi, bodza lachiwiri limabwera lokha osaitanidwa.

"Musadandaule, mayi," anatero Pulofesa. "Chitsime cha kumpanda ndachiona ndekha. Madzi ake ndi oyera ngati galasi."

Aphunzitsi anaomba m'manja. Kamtsikana kena kopanda mano akutsogolo kanabwera pang'onopang'ono, kapu itagwidwa ndi manja awiri kuti madzi asatayike, n'kumupatsa. Pulofesa anamwa. Madziwo anali ozizira bwino, koma anatsika kukhosi ngati mwala.

Kugalimoto, a Mphuno anapisa m'thumba kufuna kiyi. Dzanja linakhalitsa m'menemo. Anayang'ana Pulofesa kumaso, kenako m'mawondo. Analiza galimoto.

Atayenda kamtunda ndithu ndi pamene anayamba kulankhula, maso ali pamsewu.

"Ntchito yathuyi, mwana wanga, ilibe mboni. Mmisiri akamanga khoma lopindika, aliyense wodutsa amaliona. Telala akalakwitsa buluku, mwini wake amabwera nalo akutukwana. Koma iwe ukabweretsa botolo n'kunena kuti lachokera m'chitsime chakuti, dziko lonse limakukhulupirira. Mayi wa makina amakhulupirira iwe. Abwana amakhulupirira mayi wa makina. Aphunzitsi aja amakhulupirira abwana, ndipo ana aja sadziwa n'komwe kuti pali choti akhulupirire, amangomwa. Madzi a pamjigo akatuluka abwino, zimangotiuza za lero. Chimene chimatiuza za mawa ndi chachinayi. Chikatuluka choyera, lipoti limati tibwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Tawerenga wekha makapu amene kamwana kamodzi kamamwa pa miyezi isanu ndi umodzi. Petulo wochepa sanunkha, saoneka, sawawa pa lilime. Amangolowa m'magazi n'kukhala chete, kudikira chaka chake."

"Ndamva, bambo," anatero Pulofesa, mawu ali pansipansi.

"Sindikunena iwe. Ndikungolankhula. Ukalamba ndi wotero."

Njira yonse yotsala mtsikanayu anayang'ana pawindo, ngakhale kunjako kunalibe choti n'kuona.

5. Fomu

Ku labotale, mayi wa makina, mwini chikhoti chija, anatsegula bokosi n'kuyamba kuunika timabotolo pa kuwala.

"Iti tachinayiti wadzaza ndani? Ngakhale kathovu! A Mphuno, mwanayu akulandani ntchito."

"Zikuoneka choncho," anatero a Mphuno.

Anatulutsa fomu imene imatsagana ndi mabotolo. Anasaina pa mizere itatu yoyamba ndi pa mzere wa mjigo. Mzere wachinayi anausiya. Anatembenuzira pepalalo kwa Pulofesa, n'kuika cholembera pamwamba pake.

"Wotunga ndiye asaina."

Pulofesa anatola cholembera. Pamwamba pa mzerewo panali mawu ang'onoang'ono amene anali asanawawerengepo: kuti wosainayo akutsimikiza kuti madziwo anawatenga yekha pamalo olembedwawo. Cholembera chinafika papepala, chinasiya kadontho ka inki, n'kuima.

Firiji ija inkangolira payokha pakona.

"Bambo," anatero, "madzi amenewo si a m'chitsime."

"Ndi a kuti?"

"A pampopi."

"Mpopi uti?"

"Wa kuseri kwa chimbudzi."

Mayi wa makina anatsitsa kabotolo pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti mawa ndikanawotcha makina tsiku lonse," anatero, "kuti ndiuze dziko kuti m'chimbudzi mulibe petulo?"

Palibe anaseka. Misozi inadontha pa fomu, pafupi ndi kadontho ka inki kaja.

A Mphuno anapisa m'thumba n'kuika patebulo kiyi wamng'ono womangidwa ndi kachingwe kofiira.

"Loko wa chachinayi anachita dzimbiri, ndinamusintha ulendo watha. Kiyi wake ndi uyu. Ndinaiwala kukupatsa, ndipo kumeneko ndi kulakwa kwanga. Koma ukanangogwada n'kukweza chivundikiro, ukanabwera ukuthamanga kudzandifunsa. Ndamupeza m'thumba tili pasukulu paja. Ndiye ndinayang'ana mawondo ako. Munthu wochokera pachitsime chachinayi sabwera ndi mawondo oyera."

"Ndikanasaina, mukanatani?"

"Ndikanang'amba fomuyi, ndipo kalata yako ya ku koleji ikanakhala yaifupi kwambiri. Tsono tandiuza. Ulesi?"

"Ayi, bambo. Panali anzanga. Ndinawauza kuti ndimagwira ntchito ya chikhoti choyera. Ndinachita manyazi kugwada."

A Mphuno anakhala pampando, anawongola miyendo, n'kusisita zigamba zawo.

"Taona izi. Mkazi wanga wazisoka mpaka singano zinamudziwa dzina. Mawondo amenewa agwada pa simenti yotentha, m'matope, pa mafuta a injini, pamaso pa anthu amene ankandiponyera makoko a nthochi poganiza kuti ndine wamisala. Anaphunzitsa ana anayi. Tsiku lina anatseketsa chitsime chimene anthu mazana awiri ankamwa. Palibe anandijambula. Manyazi alipo a mitundu iwiri, mwana wanga. Ena amakugwira anthu akamakuona ukugwira ntchito, amenewo ndi chimfine, amatha okha. Ena amakugwira pamene palibe akukuona. Amenewo uwasunge bwino, ndi amene akupulumutsa lero. Pukuta m'maso. Dzuwa likadalipo."

Anakankhira kiyi uja kwa iye.

6. Galu auwa

Anafikanso cha m'ma fili koloko. Pasaluni anthu anali atachuluka, ndipo benchi inali itabereka ina.

"Abwana abweranso!" analengeza Wailesi. "Asisi, anyamata anu aja ndi agogowa?"

A Mphuno ananunkhiza mpweya, ngati kuti funsolo lili ndi fungo.

"Awa ndi abwana anga," anatero Pulofesa. "Ine ndimanyamula bokosi. M'mawa muja ndinanama."

Sanadikire yankho. Anavala magolovesi n'kugwada. Matope anali ozizira, ndipo analowa mu ovolosi nthawi yomweyo. Kumbuyo kwake anamva mafoni akujambula, wina akuseka mpaka kutsokomola. Chivundikiro chinakana kawiri. Kachitatu chinavomera. Loko watsopano anali pomwepo, akunyezimira.

Atangochotsa chotsekera paipi, a Mphuno anabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Aliyense amene ali ndi fodya kapena machesi, atalikire. Pulofesa, tsitsa kachubu, pang'onopang'ono. Usakamize konse."

Pulofesa anatsitsa chingwe, anadikira, n'kukoka. Kachubu katatuluka, anakakweza pa kuwala monga anaonera a Mphuno akuchitira.

Pansi pake panali madzi. Pamwamba pa madziwo panayandama chinthu china chachikasu, chokhuthala ngati zala ziwiri, mzere wolekanitsa uli woongoka ngati wojambula ndi rula. Fungo lake silinafunenso mphuno ya katswiri.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa mtsikana wina wa pabenchi.

"Petulo," anayankha Pulofesa.

"Pansi pa nthaka? Nanga ife timatsukira anthu m'mutu ndi madzi a pamjigo uja! Timamwanso omwewo!"

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, Wailesi anathima.

A Mphuno anayeza ndi tepi, analemba, n'kutsekera kachubuko m'chigubu.

"Galu wauwa," anatero. "Sitikudziwa ngati wakubayo wafika kale pamjigo, makina atiuza mawa. Koma sitidikira mawa. Ine ndikuimbira abwana, kenako ndikalowe kwa a tayi aja ndikawauze kuti thanki lawo lina latopa. Kusukulu kukufunika munthu woti akawapemphe aleke kutunga mpaka zotsatira zituluke."

Pulofesa anaimirira.

"Bambo, aphunzitsi aja ndinawauza kuti madzi ali bwino. Ndinati ndaona ndekha."

A Mphuno anatembenukira ku mpanda wa sukulu.

"Chimenecho sindinachidziwe. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wako uli kuseri kwa mpandawu, ukukudikira. Pita ukautole."

Pulofesa anayamba kupukuta matope m'mawondo, kenako analeka. Anazungulira mpanda, jombo zikulira thapwa thapwa.

Asanafike pachipata anamva kale chitsulo cha mjigo chikulira. Inali nthawi yotenga ana, ndipo amayi anali pamzere ndi ndowa zawo, ena ana ali kumsana. Aphunzitsi atamuona anaimba mluzu mwachimwemwe.

"Ndi uyu! Amayi, mtsikana uja ndimakuuzani ndi ameneyu, amene watichotsa mantha lero. Bwera, mwanawe, uwauze wekha amve!"

Kamtsikana kopanda mano kaja kanali kayamba kale kubwera, kapu ili m'manja awiri, maso ali pa madzi kuti asatayike. Kanaima patsogolo pake n'kukweza kapuyo.

Pulofesa anailandira, koma sanamwe. Anagwada pa mawondo ake akuda aja, n'kukhuthulira madziwo pansi.

"Mayi," anatero, "imitsani kaye mjigowo."

Chitsulo chinalira kamodzi, n'kukhala chete. Mzere wonse unatembenuka.